Kambalame ndi Anzake

Mathilda Njobvu atafika ku Hamilton Lachiwiri m'mawa, madzi anali atakolopedwa ndipo mlandu unali utagamulidwa kale m'mitima ya anthu. Chomwe ankafuna kwa iye chinali siginecha basi.

Kampani ya inshulansi yomwe ankagwirako ntchito ku Toronto inamutuma kudzaona firiji yomwe inazima pa yunivesite ina mumzindawo. Abwana ake anati inali ntchito ya tsiku limodzi. Koma Mathilda anagwirapo upolisi wofufuza milandu ku Lusaka asanasamukire ku Canada, ndipo kumeneko anaphunzira kukayikira mlandu uliwonse wopsa msanga. Unali mwezi wa Januwale, 1994. Kunja kunkazizira mwakuti munthu akangotsika sitima, m'mphuno munkauma gwa.

Amene anamulandira anali Pulofesa Renshaw, mkulu wa dipatimenti ya fizikisi, mzungu wamtali wa mawu osalala.

"Nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, koma si yovuta," anatero m'Chingelezi. "M'chipinda chozizira chapansi tinkasungamo ayezi wokumbidwa kumpoto kwenikweni kwa dziko lino. Ayezi wa zaka masauzande. Mwini kafukufukuyo ndi Dokotala Selina Kambalame. Loweruka kapena Lamulungu wina anazimitsa makina, n'kudula waya wa alamu. Dzulo tinapeza madzi okhaokha."

Dzinalo Mathilda ankalidziwa. Selina ankakumana naye m'maukwati ndi m'maliro a Amalawi ndi Azambia a kuno, mayi wosakonda zonenanena, amene ankafika mochedwa n'kuyamba kuchoka.

"Mukuti wina," anatero Mathilda, "koma nkhope yanu ikuti mukumudziwa."

"Pepala lomwe linamutchukitsa Dokotala Kambalame linachokera mu ayezi ameneyu. Chaka chatha asayansi ena a ku Ulaya anadandaula kuti manambala ake akukana kugwirizana ndi awo. Tinakonza zoti komiti imuyezenso ayeziyo sabata yamawa. Ndiye umboni wasungunuka komiti ili pakhomo. Inu mungaganize chiyani?"

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine, iyeyo, Gordon wosamalira labu, ndi Dokotala Tobias Sakala amene amafufuza naye limodzi. Ine ndinali kumsonkhano ku Ottawa. Tamuimitsa ntchito, ndipo tamupatsa mwayi woti atule pansi udindo mwakachetechete pofika Lachisanu."

"Wavomera?"

Renshaw anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Anandiyankha m'chilankhulo chakwawo. Sindinamve tanthauzo lake, koma sindikuganiza kuti kunali kuvomera."

* * *

Gordon anali bambo wonenepa, wa ndevu zofiira, ndipo ankalankhula ngati wailesi yosowa woizimitsa.

"Ine ndiye musandiyang'ane, mayi. Ndinali ku Sudbury kwa apongozi anga, ndipo mukawafunsa akuuzani ngakhale zomwe ndinadya, poti anaziwerenga. Lowani, samalani phazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikulera ayezi ameneyu ngati khanda. Lolemba ndikutsegula chitseko, chifungafunga chofunda n'kundimenya kumaso. Ndinakhala pansi, ine, bambo wamkuluyu."

Chipindacho chinali chachitsulo, chokhala ndi mashelefu mbali zonse. Pamashelefupo panali mabokosi oyera okhuthala, onse opanda kanthu tsopano.

"Ayeziyo ankakhala bwanji?" anafunsa Mathilda.

Gordon anatambasula manja kusonyeza mtanda wotalika ngati mkono, wonenepa ngati munsi. "Mtanda uliwonse m'thumba lake lapulasitiki, thumba m'paipi yakatoni, mapaipi m'mabokosi awa. Ndinapeza matumba ali lendelende ndi madzi, ena atang'ambika. Pulofesa anati nditaye zonse, pansi pangawonongeke."

"Panalibe ngakhale kachidutswa kosasungunuka?"

"Ngakhale ka ngati nsawawa. Madzi basi. Osati ozizira kwenikweninso, ndinawagwira."

"Dokotala Kambalame anabwera kudzaona?"

"Anamuletsa pakhomo penipeni. Sanaponde muno."

Mathilda anagwada. Gordon anakolopa pakati, koma kunsi kwa mashelefu, komwe mopu sinafike, madzi anauma okha. Pachitsulo panatsala mizere yoyererako, yokhotakhota ngati mapu. Anapaka chala, n'kuchiyang'ana. Kaufa koyera kanamumata. Kaufa kameneka ankakadziwa bwino: ankalimbana nako Loweruka lililonse pansi pa ketulo yake kunyumba kwake ku Etobicoke, dera lina la Toronto.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa Gordon.

"Mwina palibe," anayankha, akukulunga chalacho m'kampango. "Dokotala Kambalame amakhala kuti?"

* * *

Selina Kambalame ankakhala m'nyumba yosanja yoyang'anizana ndi machumuni a mafakitale a zitsulo. Anatsegula chitseko atavala juzi yaikulu ndi chitenje, maso ali ofiira koma ouma.

"A Mathilda. Ngati akutumani kudzandinyengerera kuti ndirizaine, tiyi ndikupatsani, koma yankho ndi lomwe lija."

"Awe, ine anituma kudzaona firiji chabe. Manje firiji siikamba, ndiye nabwera kwa inu."

Anakhala patebulo lodzaza magazini a sayansi. Selina anawakankhira pambali ndi chigongono.

"Ndifotokozereni pepala lanu lija," anatero Mathilda. "Ngati kwa mwana wa sukulu."

"Phiri la moto likaphulika, kapena chipululu chikaulutsa fumbi, fumbilo limakwera m'mwamba n'kutchinga dzuwa. Dziko limazizirako, mvula imasintha njira. Fumbi lina limagwera limodzi ndi sinowo kumpoto, chaka ndi chaka, n'kutsekeredwa mu ayezi. Ine ndinayeza mmene fumbilo limabwezera kuwala. Aliyense wopanga makompyuta olosera nyengo amafuna manambala amenewo. Mapepala mazanamazana amanditchula. Ku Japan akuphunzitsa njira yanga. Chilala chija chapsereza chimanga kwathu zaka ziwiri zapitazi, anthu ofufuza chiyambi chake akugwiritsa ntchito matebulo anga a manambala." Anagogoda patebulo ndi chala. "Ku Zomba ndinaphunzira fizikisi ndili mkazi ndekha m'kalasi, aphunzitsi akundifunsa tsiku lililonse ngati ndasochera. Lero Renshaw akuti nditulukire khomo lakumbuyo ngati wakuba nkhuku? Abwere adzandinyamule."

"Loweruka ndi Lamulungu munali kuti?"

"Muno, ndekha, ndikukonzekera komiti. Mboni ndilibe. Lembani choncho."

"Munazimitsa firiji?"

Selina anamuyang'anitsitsa mpaka Mathilda anamva kutentha m'masaya.

"Komitiyo ndinaipempha ndine. Renshaw sanakuuzeni zimenezo, eti? A ku Ulaya atadandaula, ndinati bwerani mudzayeze, ayezi ulipo."

Mathilda anatulutsa kampango kaja n'kukatambasula patebulo. "Ichi nachipeza pomwe madzi a ayezi wanu anaumira."

Selina anawerama. Ananyowetsa chala, n'kutola kaufako, n'kukapekesa.

"Uyu ndi laimu wa m'madzi a pampopi."

"Ayezi wanu sangasiye zotere?"

"Ayezi wanga ndi sinowo yomwe inagwa anthu asanayambe kusula khasu. Ndi woyera kuposa madzi alionse omwe munamwapo. Fumbi lake timalifuna ndi makina. Akauma, sasiya ngakhale kachizindikiro." Mawu ake anayamba kuthamanga. "Gordon wati anapeza chiyani m'matumba?"

"Madzi okhaokha. Ndipo osazizira kwenikweni."

"Bodza lenileni! Osati la Gordon, la madziwo. Mitanda ija inali yozizira kuposa panjapa, m'mabokosi okhuthala, m'chipinda chotseka. Mutazimitsa makina Lachisanu madzulo, Lolemba mukanapezabe mitima yake ili gwa. Ayezi sasungunuka ndi mantha, amafuna nthawi."

Selina anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Sanasungunuke. Wina wamuba, n'kuthira madzi a pampopi m'matumba atsopano."

"Mabokosi anawasiya," anatero Mathilda pang'onopang'ono. "Ndiye wanyamula mapaipi okha. Firiji yaikulu choncho aipeza kuti?"

Selina analoza pawindo, pomwe utsi wa mafakitale unkakwera choongoka m'mpweya wouma.

"Mwezi uno dziko lonse ndi firiji. Garaja, khonde, ngakhale m'galimoto." Kenako nkhope yake inasintha. Anafufuza pansi pa magazini n'kutulutsa mapu a nyengo omwe ankalandira pa fakisi m'mawa uliwonse. Anawayang'ana kanthawi. "A Mathilda, mphepo yofunda ikubwera kuchokera kummwera. Lachisanu kugwa mvula. Ngati ayezi uja ali panja, pofika Loweruka bodza lawoli likhala zoona."

* * *

Mathilda anapeza Dokotala Tobias Sakala mu ofesi yake yaing'ono, yoyandikana ndi ya Selina yomwe inali yokhoma. Anali mwamuna waukhondo, wa tayi yowongoka, wochokera ku Petauke ku Zambia, ndipo anaimirira n'kumulonjera ndi manja awiri.

"Ba Mathilda! Mwana wa kwathu. Nkhalani, nkhalani. Iyi nkhani yanipweteka maningi. A Selina ni mlongo wanga, tagwira pamodzi kuyambira tili ophunzira."

"Muganiza anachita?"

Tobias anapukusa mutu, koma mochedwa. "Munthu akapanikizika, ndani adziwa? Ine sinifuna kukamba zoipa."

"Ntchito munkagawana bwanji?"

"Iwo maganizo, ine manja. Kuyeza kwambiri ninachita ine, m'chipinda chija, zala zili zii. Koma onani." Anatsitsa magazini imodzi pashelefu, n'kutsegula kumapeto komwe olemba amatchula mapepala a anzawo. Analoza mzere. Anatsitsa ina, ya Chijeremani, n'kulozanso. "Kambalame ndi anzake. Kambalame ndi anzake. Dziko lonse litchula choncho. Anzakewo ndine, ba Mathilda. Ndine gulu la anthu." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'mano.

"Loweruka munali kuti?"

"Ku Oshawa, kuubatizo wa mwana wa a Lewis. Anthu ambiri ananiona, ninapemphera ngakhale pa chakudya. Pa Sande ninali kutchalitchi kuno."

"Munapita bwanji ku Oshawa?"

"Pa sitima. Kamotoka kanga sikalira kukazizira, kali pa garaja ya makanika kuyambira Khrisimasi."

Mathilda anafunsa nambala ya makanikayo, ndipo Tobias anaipereka mosanyinyirika. Ataimba ali pa foni ya m'khonde, makanika anavomera: galimoto ya Dokotala Sakala inali pomwepo, yopanda batire. Mathilda anabweza foni mokhumudwa. Munthu wopanda galimoto sanganyamule mitanda ya ayezi pa sitima ngati nzimbe. Renshaw anali ku Ottawa, Gordon kwa apongozi. Mwa anthu anayi a makiyi, amene anali ndi galimoto yoyenda komanso wopanda mboni anali Selina yekha.

* * *

Lachitatu anakwera sitima ya ku Oshawa. Lewis, mwini ubatizo, anatsimikiza kuti Tobias analipo, ngakhale anafika mwambo utayamba. Chomwe anakwera pobwera sanachidziwe. "Funsani mayi Vainess," anatero. "Anafika limodzi."

Mayi Vainess anali a ku Ntcheu, achikulire, ndipo ankasamalira okalamba panyumba ina yosungirako nkhalamba. Mathilda anawapeza pa nthawi yopuma, atakhala pafupi ndi hita, atadzikulunga mpango kawiri, akutsokomola.

"Mwanawe, usandiyandikire, ndingakupatsire. Chimfine chimenechi ndachitenga kwa Dokotala wanu uja. Ophunzira enawa, nzeru zinawathera m'mabuku."

"A Sakala? Anali ndi chimfine?"

"Iyayi, galimoto yawo! Ine ndaima pa siteji ya basi, mphika wa nkhuku m'manja, basi osabwera. Ndikungoona chiveni choyera chaima pa maloboti, woyendetsa ndi a Sakala. Ndinakuwa. Anayang'ana kumbali ngati sakundiona, koma ine si munthu wozembeka, ndinagogoda pagalasi mpaka anatsegula."

Mathilda anasiya kulemba. "Veni, amayi? Osati sitima?"

"Sitima imaima pa maloboti? Veni, ndikukuuza. Ndiye ndalowa, m'katimo ngati ku mochale. Ndikuti, bambo, tayatsani hita. Akuti yafa. Ndikuti, nanga windo ili mwatsekuliranji? Akuti galasi likuchita nthunzi. Ine mano akuwombana, nkhuku yanga msuzi mpaka kugwirana. Nditatembenuka kuti ndiike mphika kumbuyo, anandikalipira! Mwana amene ndingamubereke, akuti musakhudze kumbuyoko."

"Kumbuyo kunali chiyani?"

"Anafunditsa mabulangete. Zinthu zake zazitali, zosanjikiza ngati nkhuni. Mabulangete kufunditsa katundu, munthu wamoyo akuzizidwa! Atafika anakaimika kutali, kuseri kwa shopu, ife n'kuyenda wapansi. Akuti pamalo pa a Lewis palibe malo. Malo anali mbwee."

"Veniyo inalembedwa chilichonse?"

"Chinsomba chojambula pachitseko. Ndi ija amayendetsa Wyson, mwana wa kwa Malunga, wa ku nsomba ku Etobicoke. Ndipo hita yake ndi yamoyo, ndinakwerapo pa maliro a mwezi watha, ndinachita kutuluka thukuta." Anamuyang'ana Mathilda mochenjera. "Kodi walakwa chiyani ameneyu?"

"Mwina wanama chabe za sitima, amayi."

"Wonama za sitima sanama za sitima yokha," anatero mayi Vainess, n'kuyetsemula.

* * *

Wyson Malunga ankayang'anira zotumiza katundu pa nyumba ina yosungira nsomba zowumitsa ndi chisanu, pafupi ndi bwalo la ndege. Ankalankhula mofulumira, maso ali pa malole.

"Asisi, ine zokhudza apolisi sindifuna. Adokotala anandibwereka veni Lachisanu madzulo, akuti akusamutsa mabuku. Anabweza Lamulungu, yoyera bwino, mafuta odzaza. Ndalakwa pati?"

"Simunalakwe. Anakufonelaninso?"

Wyson anakanda m'mutu. "Dzulo. Akuti mnzawo wa kuntchito wapha mphalapala kutchire, nyama yachuluka, ndiye akufuna kakona m'chipinda chathu chozizira kwa milungu ingapo. Akufunanso veni mawa masana. Ndinadabwa, chifukwa adokotala aja nyama yofiira anasiya, amati shuga."

"Muwapatse veni," anatero Mathilda. "Kakonako muwapatsenso. Ndipo simunandione."

Madzulo omwewo anaimbira wapolisi wina wa ku Hamilton amene ankagwirizana naye pa milandu ya inshulansi. Kenako anaimbira Selina. Anamuuza za Tobias, ndi kuti mwina ayeziyo afika kunyumba ya nsomba mawa masana.

"Ndibwera," anatero Selina.

"Si bwino, a Dokotala. Akuimitsani ntchito. Mukapezeka pafupi ndi ayeziyo, Renshaw adzati munagwirizana."

"Renshaw anene zomwe akufuna. Ayezi ameneyo ndinakamukumba ndekha, zala ziwiri za kuphazi zinatsala pang'ono kudulidwa. Sindingamve za iye pa foni."

* * *

Lachinayi masana thambo linatsika, lotuwa ngati phulusa. Chisanu chija chinafooka, ndipo m'madenga munayamba kudontha. Mathilda ndi Selina anaima kuseri kwa mulu wa mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, m'nyumba ya nsomba, pomwe apolisi awiri anakhala m'galimoto yopanda zizindikiro kutsidya kwa msewu.

Veni ya chinsomba inalowa chobwerera m'mbuyo, mawindo onse ali otsekula. Tobias anatsika, atavala jasi lalitali. Anayang'ana kumwamba, nkhope ili ndi nkhawa, kenako anatsegula zitseko zakumbuyo n'kuvundukula bulangete mosamala ngati namwino.

"Mphalapala yanu ndi yowongoka bwanji, ba Sakala," anatero Mathilda akutuluka.

Tobias anatembenuka. Anaona Mathilda, anaona Selina, anaonanso apolisi akuwoloka msewu. Sanathawe. Anangobweza bulangete lija pamapaipi.

"Tsekani chitseko kaye," anatero. "Mphepo yafunda."

Selina anamudutsa ngati sakumuona. Anasolola paipi imodzi, n'kuchotsa chivindikiro, n'kutulutsa mtandawo pang'ono. Unali wowala ngati galasi, wodzaza timathovu ting'onoting'ono. Anauyang'ana mozungulira, nauika pafupi ndi tsaya, kenako anaubweza. 

"Mtandawu unali kuti?" anafunsa Selina.

"Mu garaja ya nyumba ya msuweni wanga ku Oshawa. Mwini wake ali ku Zambia. Sunafundepo ngakhale kamodzi, ninali kuyeza tsiku lililonse."

"Ukanangozimitsa firiji n'kuchoka, palibe akanakugwira," anatero Mathilda. "Unavutikiranji kunyamula?"

Tobias anamuyang'ana ngati wamutukwana. "Kusungunula? Uyu ayezi? Ine ndine wasayansi, ba Mathilda, sindine chigawenga. Ninafuna chabe kuti komiti isamuyeze."

"Kuti mlandu ugwere ine," anatero Selina.

"Iwe ukanapeza ntchito kwina mawa lomwe! Dzina lako lili m'mabuku onse. Ine nili na chani?" Ulemu wonse unali utamuthera. "Manje mvera, Selina, pakuti wafuna wekha. Uyu ayezi ukamubweza, wadzipha. A ku Ulaya sananame. Tebulo lachitatu, la fumbi la mapiri a moto, lija aliyense akopera. Makina anavuta mwezi wonse, manambala anali kubalalika, iwe uli kunifunsa m'mawa na madzulo kuti zotsatira zili kuti, magazini adikira. Ninawawongola. Ninawakankha pang'ono kuti agone pa mzere wako. Unakondwa. Sunafunse."

Mvula ija inafulumira, n'kuyamba kuwaza padenga la malata. Mathilda anaona nkhope ya Selina ikuchita ngati yamenyedwa khofi. Zimenezi sanaziyembekeze. Ankaganiza kuti akubweza kwa mayiyu umboni womuyeretsa, koma anamubweretsera mpeni.

Tobias anatsitsa mawu, apolisi ali pafupi kufika. "Ukali na mpata. Ine nivomera kuba, nidzati ni nsanje. Koma ayezi wayenda m'veni, wagona mu garaja. Ukauza komiti kuti waonongeka, sangayezedwe, adzakukhulupirira. Ndiwe katswiri. Pepala lako likhala, dzina lako likhala. Ba Mathilda ni wa kwathu, sadzakamba."

Mathilda anatsegula pakamwa, koma Selina anakweza dzanja.

"Waonongeka?"

"Ungakambe choncho."

"Ndakufunsa ngati waonongeka, Tobias. Wati unkayeza tsiku lililonse."

Tobias anayang'ana pansi. "Ali bwino."

"Ndiye ayezedwa." Mawu a Selina anamveka mpaka kwa anyamata okweza malole, amene anasiya ntchito n'kutembenuka. "Anthu akulosera mvula ya kwathu ndi tebulo limenelo. Alimi a ku Balaka adzadzala potengera bodza lako, ine n'kumawomberedwa m'manja ku misonkhano? Sindinafunse, wanena zoona, ndipo chimenecho ndidzayankha ndekha. Koma sindibisala kuseri kwa iwe, kapena kwa Renshaw."

"Adzakuseka dziko lonse."

"Aseke. Akamaliza adzafuna manambala olondola, ndipo amene angawayeze ndine."

Apolisi anamugwira Tobias pamkono. Anapita nawo osalimbana, koma pa chitseko anatembenuka n'kukuwira Wyson kuti asaike mapaipiwo pafupi ndi khomo la firiji, pomwe mphepo imalowa.

Wapolisi wamkulu anafuna kuti katunduyo apite ku siteshoni ngati umboni. Selina anaima pakati pa iye ndi veni, manja m'chiuno.

"Ku siteshoni kwanu kuli chipinda chozizira ngati ichi? Ndiye jambulani zithunzi, matani zidindo zanu, kiyi musunge inu. Koma mtanda ngakhale umodzi sutuluka muno kupita kofunda. Mukafuna kundimanga, mundimange nditamaliza kunyamula."

Wapolisiyo anayang'ana Mathilda. Mathilda anavula magolovesi ake a mu ofesi n'kupempha a Wyson okhuthala.

Ananyamula onse, paipi imodziimodzi, kudutsa pakati pa makatoni a nsomba, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Atamaliza, Selina anapempha foni ya mu ofesi ya Wyson. Mathilda anaima pakhomo, akumva mbali imodzi yokha.

"Pulofesa Renshaw? Ndine Kambalame. Ayezi wapezeka, ndi wamoyo, apolisi akufotokozerani. Ayi, musayambe kupepesa, simunamve zonse. Tebulo lachitatu ndi lolakwika. Inde, lomwelo. Komiti ibwere Lolemba monga tinapangana, ndipo muitanenso a ku Ulaya aja adzaonerere. Ndiyeza pamaso pawo, ndipo zokonza ndilemba ine, magazini onse amene ananditchula alandire."

Anamvetsera pang'ono. Mathilda ankamva mawu osalala aja akutuluka mu foni ngati madzi, akunena za mbiri ya yunivesite, za kuchita zinthu mwakachetechete.

"Ayi," anatero Selina. "Mawa m'mawa ndikubwera ku ofesi yanga, ndipo ndidzera khomo lakumaso. Muuze Gordon ayatse firiji."